Vinyo Amene Ababa Sanameze

Ababa anagwira ntchito yoperekera zakudya kwa zaka zambiri pa loji ina kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, ndipo pa zaka zonsezo sanamezepo ngakhale dontho la mowa. Komabe anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ali odulidwa mumpingo pa mlandu wa kumwa. Kwathu ku Lirangwe munthu wodulidwa akamwalira mpingo suimba. Abusa safika kumanda, amayi a mpingo savala zoyera, maliro amanyamuka mwakachetechete ngati mukukabisa chinthu chakuba. Amayi anga ankaopa zimenezi kuposa imfa yeniyeniyo.

Lojiyo inali ya mayi wina wa ku France amene anakwatiwa ndi Mmalawi, ndipo tonse tinkangomutchula kuti madamu. Alendo ake ambiri anali oyendetsa ndege, azungu odikira ndege ya mawa lake, ndi mabwana a m'tauni othawa maso a akazi awo. Ine ndinalowa ntchito pamenepo mayeso a Fomu 4 atandikana. Ababa ndiwo anandipezera malo, ndipo ndi iwo omwe anandiphunzitsa kunyamula thireyi osayang'ana kumapazi. Tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa khitchini, n'kumapita kumudzi Loweruka kuti Lamulungu tikapezeke kutchalitchi, kumene ababa anali mkulu wa mpingo ndipo ine ndinali mu kwaya.

Pa mitundu yonse ya vinyo imene inali m'sitolo ya madamu, unalipo umodzi umene ankaunyadira chifukwa unkachokera dera la kwawo. Dzina lake tinkalitchula kuti Bojole. Anali vinyo wofiira koma wopepuka, moti ukatukula tambula padzuwa unkaona chala chako kuseri kwake. Vinyo wofiira wina yense ankakhala pashelefu, koma uyu yekha ankafuna kuzizirako pang'ono, makamaka mwezi wa Okutobala pamene Chileka imatentha mpaka phula kufewa. Ababa ankaika botolo m'ndowa ya madzi ndi tizidutswa ta ayisi tochepa, n'kumaligwira ndi kuseri kwa dzanja.

"Asazizire ngati zakumwa za ana," ankandiuza. "Azizire ngati madzi a mumtsuko m'mawa. Ukapitirira apo wamutseka pakamwa, sanenanso kanthu."

Ndinkaseka, chifukwa ankanena za vinyoyo ngati za munthu. Koma pa malamulo analibe nthabwala. Botolo uyambe walionetsa kwa mlendo, dzina likuyang'ana iye. Tambula ikhale ya mwendo, ndipo uigwire kumwendoko kuti dzanja lako lisatenthetse vinyo. Usadzaze, thira pang'ono, kusiya malo oti fungo liyendemo. Pomaliza upotoze botolo kuti lisadonthetsere pansalu. Tsiku lina ndinadzaza tambula ya mlendo mpaka m'milomo poganiza kuti ndikuonetsa ufulu, ndipo ababa anandiitanira kukhitchini n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti ndikupereka thobwa pa chinkhoswe.

Vuto linali lakuti vinyoyu sakonda ulendo. Ankafika atayenda mtunda wautali m'malole otentha, ndipo mabotolo ena ankakhala atasasa. Pankafunika munthu woti azilawa katoni iliyonse ikafika, ndipo madamu anazindikira kuti mphuno ya ababa inali yoposa yake. Fodya sankasuta, tsabola sankadya. Atawapempha, iwo anakana, amvekere ine ndine wa mpingo. Madamu anawaonetsa mmene amachitira kwawo: kununkhiza, kupsontha pang'ono, kuyendetsa m'kamwa, kenako kulavula zonse m'chitini. Ababa anapempha sabata yoti aganize. Anapemphera, anawerenga Baibulo lawo lothothoka chikuto lija, ndipo pamapeto pake anavomera. Anangowonjezera lamulo lawolawo loti akalavula azichukucha m'kamwa kawiri ndi madzi.

Ndinawaonerera kambirimbiri akuchita zimenezi pathebulo la kuseri kwa khitchini. Ankatsinzina, mphuno ili m'tambula. Madamu ankatchula zipatso za kwawo zimene ife sitinazionepo, koma ababa anali ndi mayina awoawo. Botolo labwino ankati likumveka mabulosi osapsetsa, kanthochi chapatali, ndi kafungo ka dothi mvula yoyamba ikangodontha. Loipa ankati likununkha katoni yonyowa, n'kuliika pambali.

Ankadziwanso chakudya choyenda naye. Nkhuku yowotcha, soseji za nkhumba, bowa wokazinga, tchizi chofewa. Mlendo akaitanitsa nyama ya mbuzi ya kambuzi wambiri n'kufunanso Bojole, ababa ankawerama mwaulemu n'kunena kuti bwana, tsabolayo amupha vinyoyu, mungotaya botolo. Ena ankamvera, ena ankakalipa. Koma chimene ankanyadira kwambiri n'chimene anatulukira okha. Kumudzi ankaweta nkhunda, ndipo tsiku lina anabweretsa ziwiri, n'kuziwotcha pamakala ndi mchere wokha, n'kupereka kwa madamu pamodzi ndi tambula yozizira bwino. Madamu anadya, kenako anaimirira n'kuwagwira chanza. Nkhunda zinalowa pa mndandanda wa zakudya sabata yomweyo. Munthu amene anapeza zimenezi anali asanamezepo vinyoyo. Ankangosunga kukoma kwake m'mutu n'kukakuyerekeza ndi nyama madzulo.

Apa ndinene zoona zanga. Ine ndinkameza. Alendo akasiya kotsalira m'botolo, ndinkakatsanulira m'kapu ya tiyi n'kumwera kuseri kwa thanki ya madzi. Ankandikomera, ndipo sindinapemphereko sabata iliyonse ndisanayambe. Lamulungu ndinkavala yunifolomu ya kwaya n'kuima kutsogolo, mawu ali pamwamba. Palibe anandionapo.

Amene anaonedwa ndi ababa. Mayi wina wa mumpingo mwathu ankabweretsa mazira pa lojipo kawiri pa sabata. Tsiku lina anafika mofulumira, cha m'ma teni koloko m'mawa, n'kulowera khomo la kuseri. Anapeza ababa tambula ili pakamwa, mabotolo atatu otsegula ali pathebulo. Kenako anawaona akuwerama n'kulavula zofiira m'chitini. Sanafunse kanthu. Anasiya mazira n'kubwerera, ndipo pofika Loweruka Lirangwe yense anali atamva kuti mkulu wa mpingo amamwa m'mawa mpaka kusanza.

Mlandu unakambidwa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Ine ndinaitanidwa ngati mboni. Amene ankatsogolera anali mkulu wina wamtali, mnzawo wa ababa kuyambira ali anyamata, yemwe anali nkhoswe pa ukwati wawo. Ababa anafotokoza zonse mwadongosolo, za malole otentha, za chitini, za kuchukucha kawiri. Akuluwo ankamvetsera nkhope zili gwa.

"Achimwene, tisazungulire," anatero mkulu wamtaliyo. "Mowawo unalowa m'kamwa mwanu kapena sunalowe?"

"Unalowa."

"Ndiye kuti munamwa."

"Ayi. Ndinalawa."

"Chabwino. Mayi akunyumba akamalawa ndiwo, msuziwo umapita kuti? Amalavulira pamoto?"

Ena anaseka. Ndipo kunena zoona funsolo linali ndi nzeru zake, chifukwa kwathu wolawa amameza. Wolawa thobwa amameza, wolawa mchere amameza. Kulawa kolavula kunalibe malo m'chilankhulo chawo, ndipo sankaona chifukwa choti akupezere malo tsiku limenelo. Ababa anati kulawa kwa kuntchito n'kwina, ndipo mkulu wina anayankha kuti eti tsopano azungu atibweretsera tchimo lolowa n'kutuluka. Atandifunsa ine, ndinanena kuti sindinawaonepo akumeza. Anandithokoza n'kundiuza kuti mwana saneneza bambo wake, nditha kutuluka.

Sikuti ankafuna kuwazunza. Njira anawapatsa, ndipo inali yapafupi. Angoimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti ndinamwa, ndalapa, akhale kubenchi la kumbuyo miyezi itatu, nkhani yatha. Anthu ogwidwa ndi akazi a eni ankadutsa njira yomweyo n'kubwerera ku Mgonero mvula isanagwe. Ababa anayankha kuti sangaime m'nyumba ya Mulungu n'kunama kuti akhululukidwe. Anadulidwa Lamulungu lotsatira.

Ndinawakwiyira akuluwo, ndipo mpaka lero mtima wanga sunawamasule. Koma ababanso ndinawakwiyira. Mawu amodzi okha, ndinamwa, anali kuwavuta chiyani? Ankalawirira kutchalitchi monga kale, jekete lochapidwa, n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Tsiku la Mgonero thireyi ya tizikapu inkawadutsa, iwo manja ali pamaondo. Mu tizikapumo munkakhala madzi ofiira a shuga, ndipo pobwerera kunyumba nthawi ina anandinong'oneza kuti akanawafunsa akanawauza kuti achepetseko shugayo. Amayi atamva anawakalipira njira yonse.

Zaka zinapita. Madamu anagulitsa loji n'kubwerera kwawo. Eni ake atsopano ankaponya vinyo yense mufiriji pamodzi ndi nsomba, ndipo ababa atadandaula kawiri anauzidwa kuti akalamba, akapume. Ine ndinatsala pantchito. Iwo anabwerera ku Lirangwe n'kumasamala nkhunda zawo.

Matenda anayamba ndi nyama. Ankati ikuima pachifuwa. Kenako mpunga, kenako mbatata. Titafika pa phala lamadzimadzi tinapita nawo kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene anatiuza kuti pakhosi pali chotupa cha khansa, ndipo tafika mochedwa. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu n'kutibweza. Anthu a m'mudzi sanavutike kupeza chifukwa chake. Obwera kudzazonda ankapereka pepani m'nyumba, akatuluka n'kumanong'onezana pakhonde kuti mowa wa azungu uja wawotcha khosi. Ndinamva ndi makutu anga, ndipo mmodzi ndinamuthamangitsa ndi tsache.

Ndinapempha tchuthi n'kupita kukawadwazika. Munthu amene ankanyamula thireyi zitatu nthawi imodzi anatsala mafupa okhaokha, moti ndinkawanyamula ndekha kupita nawo pamkeka pakhonde. Masiku omaliza ngakhale madzi sankatsika. Ludzu likawagwira ndinkawapatsa kapu, iwo n'kupsontha, kuyendetsa m'kamwa, n'kulavulira m'beseni.

"Ntchito yanga yakale ija," anatero tsiku lina, mawu akutuluka ngati mphepo. "Awa ndi a pachitsime cha kumunsi. Akumveka chitsulo."

Ndinaseka, kenako ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Amayi anali atasiya kugona. Sankanena za imfa, ankanena za nyimbo. Ankawerengera maliro onse amene ababa anayendetsa ali mkulu wa mpingo, mmene ankaimira kumanda dzuwa likuswa mtengo, mmene ankayambitsira nyimbo ena akasowa poyambira. Ndiye iwowo apite opanda ngakhale vesi limodzi? Ankawagwadira pamkeka paja kuwapempha kuti angonena mawuwo. Ababa ankangopukusa mutu.

Masana ena amayi atapita kudimba ndinayesa ine. Sindinayese mwaulemu.

"Ababa, mukufa. Mukudziwa kapena simukudziwa?"

"Ndikudziwa, mama."

"Ndiye mukulimbirana chani ndi mawu amodzi? Mulungu akudziwa kuti simunameze. Ine ndikudziwa. Awo apatseni zimene akufunazo basi, amayi apume."

Anasonkhanitsa mpweya.

"Nyumba iyi ndi ya amako. Nkhunda zatha. Lilime lafa, khosi latsekeka. Chatsala ndi chimodzi, kuti sindinawanamize. Ufuna ndipereke chimenechonso?"

Ndinawauza kuti kumeneko n'kudzikonda, kuti akuganiza za dzina lawo osati za mkazi amene adzatsale akuyenda chowerama pamsika. Ndinanena zinanso zimene sindingalembe. Iwo anangotsinzina.

M'mawa mwake ndinavala chitenje chabwino n'kupita kwa mkulu wamtali uja. Ndinam'peza akukonza njinga pabwalo. Nditagwada ndinamuuza kuti ababa avomera, anena kuti anamwa ndipo alapa, koma mawu awathera, sangathe kudzaima pamaso pa mpingo.

"Anena ndi pakamwa pawo?" anandifunsa.

"Eee. Dzulo masana."

Anaika sipanala pansi, n'kupukuta maso ndi mkono wa malaya. Anati wakhala akupempherera tsiku limeneli zaka zonsezi. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikayikira. Amayi ndinawauza bodza lomwelo, ndipo analulutira pansipansi, atadzitseka pakamwa ndi dzanja. Ababa sindinawauze kanthu. Ndinkaganiza kuti abusa adzangopemphera, kuwapatsa Mgonero n'kumapita, iwo n'kumayesa kuti mpingo wafewa mtima wokha.

Anabwera Lachinayi chakumasana, abusa ndi akulu awiri, atanyamula kabokosi ka Mgonero. Ababa tinawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo. Atawaona alendowo nkhope yawo inawala, ndipo anayesa kukonza kolala ya malaya. Abusa anakhala pampando, n'kuwagwira dzanja, n'kulankhula mokweza ngati kuti odwalawo ndi ogontha.

"Bambo, mwana wanu watifikitsira mawu anu. Watiuza kuti mwavomera kuti munamwa, ndipo mwalapa. Mpingo wamva, ndipo lero ukukulandiraninso."

Ababa sanayang'ane abusa. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka anandipeza pamene ndinakhala, pafupi ndi chitseko. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kupukusa mutu ankatha. Anali atapukusira amayi mwezi wathunthu. Akanangotero kamodzi, onse akanadziwa kuti ndanamiza abusa ndi akulu a mpingo, ndipo wodulidwa wotsatira ndikanakhala ine. Ndinaona akuziwerenga zimenezi m'mutu mwawo.

"Ndi choncho, achimwene?" anafunsa mkulu wamtali uja.

Ababa anatsitsa maso. Sanavomere, sanakane. Abusa anatenga kukhala chete kwawoko ngati yankho la munthu wofooka. Anapemphera, n'kuwakhudzitsa kachidutswa ka buledi pamilomo, kenako kakapu. Amayi anayambitsa nyimbo, ndipo akuluwo anathandizira.

Alendo atatuluka, amayi anawaperekeza mpaka kumsewu. Tinatsala awiri. Ndinasendera pafupi kuti ndiwagoneke, koma anakweza dzanja kundiletsa. Anandikodola kuti ndiweramitse khutu.

"Zaka zonsezi ondinamizira anali akunja," ananong'ona. "Ndinkapirira."

Ndinadikira kuti andikalipire, anditemberere, chilichonse, koma anatembenukira kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo kapu ya madzi ankailandira kwa amayi okha. Ine ndikaibweretsa ankangotseka milomo, mopanda ukali, n'kuyang'ana kumbali. Amayi ankati ndi matenda, odwala amatero. Anamwalira patapita masiku anayi, dzuwa lili pamutu, ine ndikuchapa nsalu zawo kuseri.

Maliro anali aakulu. Amayi a mpingo anabwera atavala zoyera, kwaya yathu inadzaza bwalo, abusa anafika ndi mkanjo wawo. Nyimbo zinayamba bokosi lisanatuluke m'nyumba ndipo sizinaduke mpaka kumanda. Amayi anga ankalira, koma mutu uli chilili.

Dothi lisanathiridwe, mkulu wamtali uja anaimirira kuti anene mbiri ya malemu. Anayamikira ntchito zawo, kusunga nthawi kwawo, mawu awo pa nyimbo. Kenako anakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve. Anati m'bale wathuyu anagwa m'tchimo la kumwa mowa, ndipo anakana kwa zaka zambiri, koma Mulungu ndi wachifundo, chifukwa asanatsikire kuli chete anavomera yekha kuti anamwadi. Anati likhale phunziro kwa achinyamata. Khamu lonse linayankha kuti ameni. Mayi wa mazira uja anali mzere wachiwiri, akugwedeza mutu.

Amayi anafufuza dzanja langa pansi pa chitenje n'kulifinya. "Zikomo mwanangu," anandinong'oneza. "Ukanapanda kuwanyengerera iwe, sakanavomera."

Panali kanthawi kochepa mkuluyo atakhala pansi, abusa asanaimirire, pamene manda onse anali zii. Munthu akanaimirira nthawi imeneyo n'kulankhula, aliyense akanamva. Miyendo yanga inali yabwinobwino, mawu ndinali nawo, ndipo ndinali ndekha pakhamu lonselo wodziwa kuti ababa sananene zimenezo. Ndinakhala pansi mpaka kwaya inayamba nyimbo ina.